Kuperekeza Bambo Kuphiri

Bambo anga ananena za ulendowo tikutonola chimanga pakhonde, ngati munthu wopempha madzi akumwa. Anati akufuna kukaona mlongo wawo kumapiri a ku Ntchisi, ndipo akufuna kupita mwezi womwewo wa Juni. Ine ndinaseka. Munthu woti popita kutchalitchi ankapumira panjira atagwira mtengo, lero akuti akakwere phiri?

"Ndaseketsa, aphunzitsi?" anandifunsa. Ankanditchula choncho chiyambireni kuphunzitsa kupulaimale, makamaka akafuna kundikhazika pansi.

Chifuwa chawo chinathera m'mabalani a fodya wa chikopa. Unyamata wawo wonse anakhalira kusonkhezera moto pansi pa fodya, maso ali psuu ndi utsi, kuti ine ndi mchimwene wanga tipite kusukulu. Pofika nthawi imeneyi ankapuma ngati mvukuto wobooka. Ukakhala nawo pafupi unkamva kalikhweru kakang'ono kakutuluka m'chifuwa, ndipo ine kalikhweru kameneko kankandilanda mtendere.

Bambo sanali a kwathu ku Dzoole. Anabwera kudzakwatira mayi, n'kukhala pachikamwini moyo wawo wonse. Kwathu kuno ana ndi a kuchikazi, ndiye kwawo kwa bambo ine ndinkangokumva m'nkhani. Amati ndinapitako ndili kumsana. Mayi atamwalira, amalume anakhala pansi ndi bambo monga mwa mwambo, kuwasudzula. Anawauza kuti ali omasuka kubwerera kwawo, koma ngati akufuna kukhala akhale, palibe wowathamangitsa. Ndani akanathamangitsa mkulu wa mpingo, munthu amene anamanga nyumba ya njerwa ndi kudzala mango onse a pamudzipo? Anakhala, ndipo ine ndinayesa kuti nkhaniyo yathera pomwepo.

Nditaona kuti za phirizo sakucheza, ndinawatengera kuchipatala kuti akawakanize ena, poti mawu a mwana wawo ankangowapita pamwamba. Adokotala anamvetsera chifuwa kutsogolo ndi kumsana, n'kupukusa mutu.

"Bambo, kumtunda kuja mwezi uno kumazizira zoopsa. Nkhungu imatha tsiku lonse osachoka. Chifuwa chanuchi sichifuna kuzizira, sichifunanso chitunda. Bwanji mudikire Okutobala kukatentha?"

"Okutobala ndi wa Mulungu, adokotala," anatero bambo akumanga mabatani a malaya. "Ine ndili ndi Juni."

Adokotala anandiyang'ana, inenso ndinawayang'ana. Kenaka anasiya kuyankhula ndi bambo n'kuyamba kundilangiza ine. Azifunda bwino, makamaka pachifuwa ndi kumutu. Aziyenda pang'onopang'ono, azipuma asanatope. Azimwa zotentha. Kabotolo kawo kopopera m'kamwa kazikhala m'thumba la malaya, osati pansi pa chikwama. Ndipo ndikaona milomo yawo ikutuwa, ulendo uthere pomwepo, titsike. Ndinavomera zonse ndi mutu, koma mumtima ndinkadzifunsa kuti munthu wamkulu wokana kutsika ndidzamutsitsa bwanji ine, kumubereka?

Mchimwene wanga ali ku Joni. Nditamuimbira anakalipa mpaka foni kutentha. "Akanize basi! Iwe uli pompo, ukulephera chiyani?" Kulamula uli ku Joni n'kosavuta. Ndinamuuza kuti awakanize yekha, n'kuwapatsa bambo foniyo. Anamvetsera mwaulemu, akuti "eya, eya, ndamva mwana wanga," kenaka anamufunsa ngati kumeneko mvula inagwa bwino chaka chino.

Kukaniza kunandikanika. Chimene chinanditsalira chinali kukonzekera, ndipo ndinakonzekera ngati wamisala.

Ndinayamba ndi kufunsa njira. Apa m'pamene ndinadziwa kuti anthu a kwathu sadziwa kunena kuti kutali. Aliyense ankangoti "aa, m'pafupi, mukangodutsa paboma mwafika." Mayi wina wa kumpingo, wokwatiwa kuchokera cha komweko, ndiye anandiuza zoona. Minibasi kuchoka pa Mponela mpaka pa boma la Ntchisi. Kuchokera apo njinga zamoto, mpaka pamene msewu umathera pa kamlatho ka mitengo. Kuchokera pa kamlathopo ndi miyendo yokha, ndipo n'kukwera kokhakokha. Sitolo kulibe, chigayo chili kumunsi, netiweki imapezeka pamwala umodzi ukaima choyang'ana kuzambwe. Anamaliza ndi kundifunsa kuti, "Koma akuluwo akafika?" Ndinamuyankha kuti nkhuku zanga zili pabwalo zikudya chimanga, ndithamange.

Tsiku la msika ndinapita pa kaunjika ku Mponela. Ndinafukula milu ya zovala mpaka ndinapeza jekete lokhuthala ngati matiresi, lofika m'maondo, lokhala ndi chipewa chake. Wogulitsa analumbira kuti linachokera kudziko kumene madzi amaundana m'mitsuko. Nditafika nalo kunyumba bambo analivala, manja awo osaoneka, n'kuima pakati pa bwalo.

"Aphunzitsi, ndikupita kwathu kapena kumwezi?"

Chipewa cha ulusi anachikana chifukwa chinali ndi kampira pamwamba. Anati mkulu wa mpingo savala za ana a mkaka. Ndinadula kampirako ndi lezala, anachilandira. Koma nkhondo yeniyeni inali pa nsapato. Ine ndinawagulira zofewa, za mphira wa mano pansi, zoti zisaterereke. Iwo ankafuna zawo zakuda za kutchalitchi, zosalala pansi ngati mbale. Ndinazibisa m'thumba la chimanga. M'mawa mwake ndinawapeza pakhonde akuzipukuta, akuimba nyimbo ya kwaya chapansipansi, osandiyang'ana n'komwe. Tinagwirizana kuti avale zangazo panjira, zawozo zikhale m'chikwama.

Ndinafika mpaka powayeserera kukwera. Kuseri kwa nyumba yathu kuli chulu chachikulu, ndiye masana alionse dzuwa likafunda ndinkawaveka nsapato zatsopanozo n'kuwakweza pachulupo, kutsika, kukweranso. Anthu opita kumjigo ankaima n'kumaonerera. Amalume anafunsa ngati bambo alowa usilikali. Bambo ankangomvera, akafika pamwamba n'kuima atagwira m'chiuno, kalikhweru kaja kakulira, n'kunena kuti, "Ndakhoza, aphunzitsi, kapena ndibwereze kalasi?" Ndinkaseka nawo. Koma chulu ndi chulu, phiri ndi phiri, ndipo tonse awiri tinkadziwa zimenezo.

Ndinagula fulasiki, masokosi a ulusi, bulangete latsopano, tochi. Ndinatenga mabotolo opopera owonjezera. Azakhali ndinawagulira shuga, mchere, sopo ndi usipa, poti munthu safika kwa eni ake chimanjamanja. Chikwama ndinkachilongedza n'kuchipasula, kuchilongedzanso, ngati kuti ndikachilongedza bwino chifuwa cha bambo chichira.

Nawonso bambo ankakonzekera, koma mwa njira yawo, mwakachetechete. Njinga yawo yakapalasa, imene sankalola ngakhale mdzukulu kuigwira belu, anaipereka kwa mnzawo wa kumpingo. Anati ikungochita dzimbiri. Lamulungu lomaliza anaima pakhomo la tchalitchi n'kugwira chanza munthu aliyense, mpaka ana. Anandipempha kuti ndisite suti yawo yakuda, ndiipinde bwino, ndiiike pansi pa chikwama pamodzi ndi nsapato zija. Ndinati mwina akufuna kukaoneka bwino kutchalitchi cha kumeneko.

Tsiku loti mawa tinyamuka ndinawapeza kuseri akugulula khasu pampini. Linali khasu lakalekale, lotha mpaka kutsala ngati chikhatho, loti palibe ankalimira. Analipukuta, analikulunga m'kansalu, n'kundipatsa kuti ndiike m'chikwama.

Mtima unandiphulika. "Bambo, chikwamachi ndisenza ndine! Ndakhala ndikuchotsa ngakhale supuni kuti chipepuke, inu mukundipatsa chitsulo? Ku Ntchisi makasu adatha?"

"Ili ndidabwera nalo," anatero.

Ndinamva bwinobwino. Mwamuna akamabwera pachikamwini amabwera ndi khasu lake, ndipo akamachoka amachoka nalo. Ndinazidziwa zimenezo kuyambira ndili mtsikana. Koma ndinachita mantha, ndipo ndinasankha kukhala ngati sindinamve. Ndinalilonga khasulo pambali pa fulasiki, ndikung'ung'udza za kulemera kwake.

Tinanyamuka m'mawa. Pa boma la Ntchisi mphepo inatilandira ngati tinailakwira. Bambo, amene ankaseka jekete lija, analikoka zipi mpaka pachibwano osauzidwa. Tinapeza njinga zamoto ziwiri. Poopa kuti angagwe, ndinawamangirira ndi chitenje kumsana kwa woyendetsa, ngati mwana. Anadandaula kuti ndawachotsa ulemu pamaso pa anthu a kwawo, koma sanalimbane nane.

Msewu unali wofiira, wokumbika, wokhotakhota. Tinadutsa minda ya mbatata ya kachewere yopendekeka moti ndinkadabwa kuti olima ake amaima bwanji. Kenaka nkhungu inatsika. Njinga ya bambo inali patsogolo, ndipo nthawi zina inkasowa, ndikungomva kulira kwake. Pa kamlatho ka mitengo kaja oyendetsa anatitsitsa, anatifunira ulendo wabwino, n'kubwerera. Kulira kwa njinga kutazilala ndinamva chete amene sindinamumvepo. Panalibe nyumba, panalibe munthu. Ndinayang'ana foni, netiweki palibe, inali ngati sopo.

Ndinasenza chikwama, bambo anatenga ndodo, tinayamba kukwera.

Poyamba anayenda bwino kuposa pachulu paja. Ankandionetsa zinthu ndi ndodo: apa tinkatchera mbewa, mtsinje uwu sumaphwa, mtengo uwo unali waung'ono. Ine sindinkaona mitengo. Maso anga anali pa milomo yawo. Ndinkawaimitsa pafupipafupi, kuwathirira tiyi, kuwakonza chipewa, kuwafunsa ngati akufuna kupopera. Anati ndikuwatopetsa ine kuposa phirilo. Koma nkhani zinayamba kuchepa. Kenaka zinatha, kunatsala kalikhweru kokha, ndipo kanali katakula.

Tinafika pamalo pamene njira imadutsa pathanthwe lopendekeka, lonyowa ndi nkhungu, kumanzere kwake kuli phompho. Bambo anakhala pansi tisanaliyambe. Sanakhale mofuna, miyendo inangowasiya. Ndinatula chikwama, ndinawapopera, ndinawasisita kumsana. Milomo yawo inali itatuwa ngati phulusa.

"Basi," ndinatero. "Adokotala ananena. Tikutsika."

Anakweza dzanja kuti ndidikire. Tinakhala pamenepo nthawi yaitali, ine nditagwada pamatope, ndikuyang'ana chifuwa chawo chikukwera ndi kutsika. Ndikanakuwa, ndani akanamva? Ndikanathamanga kukaitana anthu, kumtunda kapena kumunsi, ndikanawasiya ndi yani? Zinthu zonse ndinagula zija zinali pompo, jekete, fulasiki, bulangete, tochi, ndipo panalibe chimodzi chimene chikanawapumira. Sindinadzionepo wopanda ntchito ngati tsiku limenelo.

Mpweya utabwerera pang'ono, analoza thanthwe lija ndi ndodo.

"Akulu anga adamwalira ku esiteti ku Kasungu, iwe usadabadwe. Tidabwera nawo pa lole mpaka pa kamlatho paja. Kudali mvula. Tidasenza bokosi, ine ndili kutsogolo. Pofika apa wina adaterereka." Anapuma. "Bokosi lidatipulumuka, lidatsetsereka mpaka kukagunda mtengo uwo. Lidang'ambika. Amayi athu adali pambuyo pathu, adaona zonse. Wina adathyoka mwendo, mpaka adamwalira akutsimphina."

Anatsitsa ndodo, n'kupitiriza.

"Tsiku limenelo ndidalumbira kuti ine phiri ili palibe adzandisenze. Ndidzakwera ndekha, ndi miyendo yanga. Ndachedwa kale, aphunzitsi. Chaka chamawa sindikadatha."

"Ndiye mukagone pafupi ndi mayi ku Dzoole!" Ndinakuwa, ndikulira. "Ndani wakukanizani? Amalume anati mukhale. Nyumba munamanga ndinu. Ife ana anu tili kumeneko!"

"Adandisunga bwino, sindidandaula. Koma manda aja ndi a eni ake. Amayi ako agona pakati pa amayi awo ndi azigogo awo. Inenso amayi anga ali pamwambapa." Anayesa kumwetulira. "Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka."

Ndinawauza kuti mwambi sudzawapopera mankhwala. Ndinawauza kuti ndi odzikonda, kuti anandinamiza, kuti anandigwiritsa ntchito ngati bulu wosenza katundu wa maliro awo. Ndinanena zambiri. Anangondimvera, ngati mmene anamverera mchimwene wanga pafoni. Nditatopa anatambasula dzanja kuti ndiwadzutse.

Kutsika kunali kutali kuposa kukwera. Ndinawadzutsa. Thanthwelo tinalidutsa chokwawa, iwo patsogolo, ine pambuyo nditagwira jekete lawo ndi dzanja limodzi. Nsapato za mphira zija sizinaterereke ngakhale pang'ono. Ndinazigula kuti bambo akabwerere, ndipo ndi zomwe zinawafikitsa.

Mudzi wake unali nyumba zochepa pakati pa nthochi, nkhungu ikudutsa pabwalo ngati utsi. Azakhali, mlongo wawo wa bambo, anali pakhonde akusankha nyemba. Ndi kamunthu kakang'ono, nkhope ngati ya bambo. Anatiyang'ana nthawi yaitali osazindikira kuti m'chijeketemo muli yani. Bambo atavula chipewa, lichero linagwa, nyemba mbwee pansi.

Moni atatha ndinamasula chikwama kuti ndipereke shuga ndi usipa. Kansalu kaja kanagwa, khasu linalira pansi. Azakhali analitola, analitembenuza, anayang'ana bambo. Anadzuka, anakalisomeka kudenga la khonde pamene panali makasu ena, n'kubwerera kudzakhala pansi pafupi ndi miyendo ya mchimwene wawo. Misozi inkangoyenda. "Mwafika, achimwene," anatero. "Chipinda chija chilipo."

Ndinakhalako masiku angapo, ndikuyesabe. Ndinayesa kudzera kwa azakhali, anati iwo sangathamangitse mwini mudzi. Ndinakwera pamwala wa netiweki paja kuimbira mchimwene wanga, anangoti, "Ndiye ukawasiya?" foni n'kuduka. Ndinaphunzitsa azakhali kapoperedwe ka mankhwala, kubwereza ndi kubwereza ngati ndili m'kalasi, mpaka anandiuza kuti, "Mwana wa achimwene, ndamva." Ndinamata ming'alu ya m'chipinda chawo ndi dothi kuti mphepo isalowe. Ndinatola nkhuni zambiri zoti sakanazimaliza.

Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti bambo anasangalala. Nkhungu ikachoka ankakhala padzuwa, jekete lili pamapewa, anthu okalamba akubwera mmodzimmodzi kudzawaona, akuitanana maina a paubwana amene ine sindinawamvepo. Ankaseka mpaka kutsokomola. Ku Dzoole anali munthu waulemu, woyankhula mochepa, wokhala kumapeto kwa mphasa pa nkhani za pamudzi. Kuno ankadula anthu mawu. Ndinakhala zaka zonsezi ndi munthu amene ankayenda chonyang'ama, ine osadziwa.

Sukulu inkandidikira, ana anganso ankandidikira. M'mawa wa tsiku lonyamuka ndinasiya zonse, bulangete, fulasiki, tochi, mabotolo. Chikwama chinatsala chopanda kanthu moti ndinachipinda n'kuchiika m'khwapa. Bambo anatenga ndodo kuti andiperekeze. Ndinawakaniza, anati mlendo satuluka yekha pamudzi ngati wakuba.

Anandiperekeza mpaka pamene nthochi zimathera ndi njira kuyamba kutsika. Anaima. Ndinafuna kunena zambiri, koma zimene zinatuluka ndi zoti asamavule chipewa, ndi zoti ndibweranso tikatsekera sukulu. Anagwedeza mutu. Anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri, monga ankachitira ndi alendo a mpingo pakhomo pathu.

"Mwayenda ulendo waukulu, aphunzitsi. Zikomo pondiperekeza. Mutsike bwino pathanthwe paja. Mukapereke moni kwanu."

Kwanu. Nyumba imene anaumba njerwa zake ndi manja awo, mango awo, manda a mkazi wawo, ife ana awo. Ndinavomera kuti ndikapereka. Ndinatsika osacheuka mpaka pathanthwe, pomwe ndinakhala pansi n'kulira mokweza, poti panalibe wondimva.

Tchuthi chitafika ndinakweranso ndi mankhwala ena, ndinawapeza ataonda koma akulamula anthu za kamangidwe ka khola. Ulendo wachitatu unali wa maliro, mvula yoyamba isanagwe. Okutobala uja anamuona ndithu, koma sanamumalize. Mchimwene wanga anabwera kuchokera ku Joni, n'kukwera phirilo ndi nsapato zosongoka, akutukwana mwala uliwonse.

Tinawaveka suti ija, imene ndinasita ndekha, ndi nsapato zawo zakuda. Azakhali anakhala pambali pa bokosi atavala jekete lija ngakhale kunkatentha. Manda ali kuseri kwa nthochi, pamalo athyathyathya, poti ukaitana munthu ali kumeneko amakumva uli pakhonde. Amuna anasenza bokosi, nyimbo yoyamba isanathe n'komwe anali atafika. Palibe anaterereka, palibe anasinthana ndi mnzake.

Pobwerera ndinamva mmodzi wa osenzawo akuuza mnzake kuti, "Koma mkuluyu sadativutitse." Ndinafuna kumutukwana. Koma ndinadziletsa, poti zimenezo n'zimene bambo anakwerera phiri.